Galu wokoka miyendo asagendedwe, asanyamulidwenso

Kagalu kakayamba mwadzidzidzi kukoka miyendo yakumbuyo, m'makomo ambiri pa Malomo, pa Kamsonga ngakhale pa boma la Ntchisi mumachitika ziwiri: ana amakanyamula mwachifundo, akuluakulu amakagenda poganiza kuti n'kachiwewe. Zonsezi n'zolakwika.

Nthawi zina vuto limakhala msana. Galu wamng'ono akagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza kapena kumenyedwa ndi mtengo, mtsempha wa mumsana umapanikizika ndipo miyendo imafooka. Ena mwa agalu otere amachira akasungidwa malo amodzi, osayendayenda, kwa masabata 4 mpaka 6.

Koma nachonso chiwewe chimafoola miyendo yakumbuyo, galu osalusa n'komwe. N'chifukwa chake mwana sayenera kumugwira, pakuti kachilombo kamakhala m'malovu.

Chanzeru n'kumutsekera payekha ndi kuitana mlangizi wa ziweto. Amene walumidwa atsuke bala ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikaonekera mwa munthu sichichizika.

Banja lobayitsa galu wake katemera chaka ndi chaka limadzichepetsera nkhawa imeneyi.