Tidakana nkhanza, sitidakane dibi

Mvula ikakhazikika, kuyambira Disembala mpaka Malichi, udzu umatalika ndipo nkhupakupa zimachuluka. Imeneyi ndiyo nyengo imene alimi a ng'ombe kwa Chitukula, ku Nsaru, Kabudula, Namitete mpaka ku Nambuma mtima umakhala m'mwamba, chifukwa chigodola chimalowa m'makola.

Matendawa amabwera ndi nkhupakupa yofiirira imene imakonda kukanirira m'makutu mwa ng'ombe. Ikamayamwa magazi imasiya kachilombo kotchedwa Theileria parva. Ng'ombe imatupa mwanabere kunsi kwa khutu, thupi limatentha, imasiya kudya, imabanika, kenaka thovu m'mphuno. Mwezi usanathe yapita. Akatswiri amati chigodola chimapha ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni chaka chilichonse mu Africa muno. Kwa mlimi wa ku Mpingu, ng'ombe imodzi ikafa ndiye kuti ngolo yaima, manyowa atha, fizi ya mwana yapita.

Nthawi ya chipani chimodzi kusambitsa ng'ombe kudali lamulo, ndipo mankhwala a m'dibi ankagula ndi boma. M'zaka za m'ma 1990 boma lidachotsamo dzanja n'kusiyira alimi okha ntchitoyo, ndipo madibi ambiri adauma, ena adang'aluka. Amalawi anzanga, pa 14 Juni 1993 tidavota kuti tithetse nkhanza. Kodi alipo amene adavota kuti dibi lisanduke nyumba ya achule?

Chowawa n'chakuti katemera wa chigodola sachokera kutsidya la nyanja ai. Mu Disembala 2014 adatsegula malo opangira katemerayu ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, mu Lilongwe momwemuno. Ng'ombe imabayidwa tizilombo tamoyo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, ndipo ikabayidwa kamodzi imatetezeka moyo wake wonse. Vuto lake ndi lakuti amasungidwa mozizira kwambiri mu nayitrojeni, ndipo wobaya ayenera kukhala wophunzitsidwa. Mlimi payekha sangakwanitse zimenezi. Apa mpamene pafunika boma.

Ena akuti boma lilibe ndalama, mwini ng'ombe adzionere yekha. Ife sitikupempha zaulere. Mlimi alipire ndithu. Koma nkhupakupa sidziwa malire a khola. Inu mukapopera zanu, mnzanu osapopera, mawa zonse zikakumana kudambo limodzi. Komanso mankhwala osungunula mongoyerekeza, pofuna kuti botolo likhalitse, ndiwo amachititsa nkhupakupa kupima. Mutu umodzi susenza denga.

Choncho tikuti: potsatira lamulo la maboma aang'ono la 1998, ntchito za ulangizi zili m'manja mwa makhonsolo. Khonsolo ya Lilongwe iuze anthu poyera kuti madibi amoyo ndi angati, akufa ndi angati, ndipo alangizi a ziweto alipo angati. Aphungu athu, limbikitsani kuti pa ndalama za chitukuko cha m'madera mwanu papatulidwe zokonzera dibi. Mafumu ndi alimi asankhe makomiti, ndipo ndalama zosonkha ziziwerengedwa pabwalo. Tsiku la katemera lilengezedwe mvula isanagwe.

Pamene tikudikira, ng'ombe ikatupa mwanabere itanani mlangizi tsiku lomwelo. Mankhwala ochiza, monga buparvaquone, amagwira bwino matenda akangoyamba kumene.

Tisaiwale ana amene amatsata ng'ombe m'tchire. Chigodola sichigwira munthu, koma nkhupakupa zina zimapatsira anthu matenda otentha thupi ofanana ndi malungo. Muziwayang'ana madzulo m'khwapa, m'mutu ndi m'mphechepeche. Mukaipeza, igwireni pafupi ndi khungu, ikokeni pang'onopang'ono osaifinya kapena kuiwotcha, ndipo tsukanipo ndi sopo. Mwana akatentha thupi, pali kachilonda kakuda pamene adalumidwa, pitani naye kuchipatala ndipo muwauze adokotala za nkhupakupayo.

A khonsolo, aphungu, mvula sidikira msonkhano wanu. Anthu a kwa Chitukula akufuna yankho nkhupakupa zisanadzuke.