Tcherani ndowa, tameki atuluke m'nyumba

Alimi anzanga a ku Usisya ndi madera onse a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, sabata ino tikambirane za mdani amene timagona naye nyumba imodzi, khoswe, pamodzi ndi mbale wake wa kumunda, mbewa. Maganizo anga ndi akuti tameki tisiyane naye, ndipo m'malo mwake khomo lililonse likhale ndi msampha wa madzi. Ndifotokoza zifukwa zake.

Ku America alenje amatchera misampha ya nyambo m'mbali mwa mitsinje pofuna zikopa za nyama zaubweya kuti akagulitse. Ife kuno chimene tikufuna kupulumutsa ndi chakudya. Khoswe amadya makaka a chinangwa amene mayi wayanika kuti asinje ufa wa kondowole, amadya usipa pathandala ndi m'matumba, amaboola maukonde ndi zovala, ndipo zimene sanadye amaziipitsa ndi mikodzo ndi zitosi. Dera la mfumu yaikulu M'bwana ndi lovuta mayendedwe. Msewu wotsika mapiri kuchokera ku Mzuzu umavuta nthawi ya mvula, choncho thumba la chakudya likaonongeka, kupeza lina si nkhani yamasewera.

Mbewa ya kumunda imene imavutitsa kwambiri kuno ku Africa ndi ija ya mawere ambiri. Bere lake limatenga masabata atatu ndi masiku ochepa, ndipo imatha kuswa ana khumi kapena kuposa pa nthawi imodzi. Ichi n'chifukwa chake mlimi amene wapha mbewa zisanu lero n'kukhala pansi amadabwa mwezi wamawa kuona ngati sanachite kanthu.

Tsono ambiri amathamangira tameki, amene amagulitsidwa mobisa m'timapepala pa misika. Mankhwala amenewa dzina lake lenileni ndi aldicarb, ndipo anapangidwa kuti azipha tizilombo ta m'nthaka m'minda ya mbewu. Sanapangidwire m'khitchini. Ndi chiphe choopsa kotero kuti timibulu tochepa tikhoza kupha mwana. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Woika tameki pa kansima kapena pa usipa n'kusiya kuseri kwa mtsuko akuponya mwala pa khoswe amene wakhala pa mkhate. Mwana wokwawa amatola nyamboyo. Nkhuku imajompha. Khoswe wakufa amadyedwa ndi mphaka, galu kapena kadzidzi, ndipo nawonso amatsatira. Pomaliza mwapha alonda amene amakusakirani makoswe usiku popanda malipiro, ndipo makoswe a kwa mnansi amalowa m'nyumba yopanda mlonda.

Pali lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, limene linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board. Lamuloli limafuna kuti mankhwala azigulitsidwa ndi anthu a chilolezo, m'mapaketi olembedwa bwino. Kapepala kopanda dzina kogulidwa pa benchi sikadutsa m'njira imeneyi, ndipo wogula sadziwa chimene wanyamula m'thumba limodzi ndi mchere.

Msampha wa madzi kapangidwe kake ndi aka. Pezani ndowa ya malita 20, kapena chigubu chakale chodula kumutu, kapena mtsuko wakuya. Boolani mabowo awiri moyang'anizana kukamwa kwake ndi kupisamo waya wolimba. Pa wayayo lowetsani kachitini kopanda kanthu kapena chitsononkho, chimene chizizungulira mosavuta mukachikhudza. Pakani nyambo mozungulira: chiponde, kapena nsinjiro zosakaniza ndi ufa wa usipa, pakuti fungo lake limaitana kutali. Thirani madzi kufika pafupi ndi theka. Madzi akachepa khoswe amaponda pansi n'kulumpha, akachuluka amafikira pamlomo n'kutuluka. M'nyumba kapena pankhokwe tsamiritsani kathabwa kuti akwerepo. Kumunda kumbani dzenje kuti mlomo wa ndowa ulingane ndi nthaka. Nyama ikaponda chitini pofuna nyambo, chitini chimatembenuka, iyo n'kugwera m'madzi. Ena amangowaza madeya pamwamba pa madzi kuti paoneke ngati pouma, ndipo njirayi imagwira bwino mbewa.

Khoswe wa m'nyumba ndi wochenjera, amaopa chinthu chachilendo. Masiku awiri kapena atatu oyamba mangani chitini kuti chisazungulire, adye nyambo mwaulere mpaka azolowere. Kenako masulani. Msampha uziikidwa motsatira khoma kapena pamene mwaona zitosi, chifukwa khoswe sakonda kudutsa pabwalo poyera.

Ndichenjezepo zinthu ziwiri. Choyamba, ndowa ya madzi ikhoza kumiza mwana wamng'ono amene wagweramo chamutu. Tcherani madzulo ana atagona, ndipo m'mawa khuthulani kapena vundikirani ndi chinthu cholemera. Chachiwiri, khoswe wakufa musamugwire ndi manja. Utitiri wa makoswe ndi umene umafalitsa mliri wa makoswe, matenda amene anavuta ku Nsanje mu 1997 ndi mu 2002. Mutoleni ndi khasu, mukwirireni mozama, ndipo madziwo tayirani m'dzenje kutali ndi chitsime ndi nyanja.

Alipo amene anganene kuti tameki amapha ambiri usiku umodzi pamene ndowa imagwira awiri kapena atatu. N'zoona. Koma ndowa mumatchera mawa ndi mkuja osalipiranso kanthu, nyama yakufa mumaiona m'malo moti ikaolere kudenga, ndipo kwa amene amadya mbewa, ya m'ndowa ilibe chiphe. Chimene chimagonjetsa makoswe ndi kutchera tsiku ndi tsiku, mudzi wonse nthawi imodzi. Ofufuza a pa sukulu ya ukachenjede ya Sokoine ku Morogoro m'dziko la Tanzania akhala akuphunzira za mbewa kwa zaka zambiri, ndipo uphungu wawo ndi womwewu, kuti alimi achitire limodzi ndiponso ayambe mbewa zisanaswane. Mutu umodzi susenza denga. Ndikupempha mafumu ndi alangizi a zaulimi kuti asankhe masabata awiri mvula isanagwe ndi ena awiri pokolola, khomo lililonse litchere.

Ndowa ili ndi malire ake. Fuko, amene amadya chinangwa pansi pa nthaka, satuluka kudzafuna nyambo. Kwa iyeyu yesani kubzala mthuthu m'malire ndi m'kati mwa munda, njira imene inayesedwa m'minda ya chinangwa ku Zambia ndipo inachepetsa kuonongeka. Mthuthu umaonjezeranso chonde. Koma masamba ake asapite kumadzi, chifukwa amapha nsomba, ndipo lamulo la za usodzi limaletsa kupha nsomba ndi chiphe.

Moto nawonso tiuleke. Kutentha tchire pofuna mbewa kapena nchenzi m'mapiri otsetsereka ngati a ku Usisya kumasiya nthaka pambalambanda. Mvula yoyamba imakokolola dothi lonse kupita nalo kunyanja, kumene limakakwirira malo oswanirana nsomba. Mlimi ataya chonde, msodzi ataya nsomba, ndipo kawirikawiri mlimi ndi msodziyo amakhala munthu mmodzi.

Asodzi ena amaika nsomba ya chiphe pofuna kupha katumbu amene amang'amba maukonde. Chonde musatero. Chiphe choikidwa m'mphepete mwa nyanja chimathera m'madzi amene timamwa ndi kusambitsa ana. Dziwaninso kuti lamulo la nyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, lili ndi zilango zowawa kwa opha nyama zotetezedwa. Wopezeka ndi ngaka akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30.

Msampha pawokha sukwanira ngati pakhomo pali pauve. Lambulani udzu kuzungulira nyumba, nkhokwe ikhale pa miyendo yaitali yovekedwa malata osalala kuti khoswe aterereke, matumba a makaka ndi usipa asakhudze khoma, ndipo zotsala za nsima zisagone poyera. Khoswe wanjala ndiye amabwera msanga pa nyambo yanu.

Amene muli ndi timapepala ta tameki kudenga kapena pansi pa mphasa, musatitaye m'nyanja kapena kudzala. Kaperekeni kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, ndipo madzulo ano funani waya ndi chitini.