Makwinya Si Matenda, Koma Nsidze Zolasa Diso Zifuna Chipatala

M'maiko olemera monga America, anthu ena akayamba kukalamba amalipira ndalama zambiri kuti dokotala awakonze chikope cha m'munsi. Dokotala amacheka pansi pa nsidze kapena m'kati mwa chikope, nachotsa mafuta otupa ndi khungu lolendewera, kuti munthuyo aoneke wachinyamata. Opaleshoni imeneyi sichiritsa matenda ali onse. Ikalakwika, chikope chimakokekera pansi, diso ndi kumauma kapena kumangotuluka misozi.

Makwinya a pansi pa maso ndi chizindikiro cha zaka, osati bvuto lofuna mpeni. Opaleshoni ya chikope yoyenera kuithamangira ndi ina: ya munthu amene nsidze zake zapindikira m'kati ndipo zikulasa diso. Bvutoli limadza ndi matenda a trachoma, amene amafala ndi ntchentche, manja osasamba ndiponso nsalu yopukutira kumaso yobwerekana. Matendawa akagwira munthu kawirikawiri paubwana, chikope cha m'mwamba chimachita zipsera. Nsidze zikamakanda diso kwa zaka zambiri, mapeto ake munthu amaleka kuona.

M'chaka cha 2022 bungwe la WHO lidalengeza kuti m'Malawi trachoma salinso bvuto la anthu ambiri, komabe okalamba ena adatsala ndi zipsera zakale. Ena amangozula nsidzezo, koma zimameranso. Opaleshoni yake ndi yaifupi, ndipo wodwala sagonekedwa tulo; amangobayidwa jekeseni yochititsa dzanzi.

Mwana wanzeru asachite manyazi ndi makwinya a amai ake. Achite changu kuwaperekeza kuchipatala nsidze zikangoyamba kulasa.