A parkrun, mwafufutiranji mayina a akazi?

Atsikana, mwaimva iyi? Parkrun ndi kuthamanga makilomita 5 kwaulere Loweruka lililonse m'mawa. Idayambira ku Bushy Park ku London mu 2004, pano ngakhale ku Joni iliko. Mu February 2024 bungwe loiyendetsa lidachotsa marekodi pa webusaiti yake: waliwiro kuposa onse pamalo aliwonse, wofika koyamba kambirimbiri, mpaka mndandanda wa akazi omaliza pasanathe mphindi 20. Nthawi yako umaionabe, koma za akatswiri zija, zii. Ati manambala amaopseza obwera kumene.

Othamanga zikwizikwi adasayina kalata yokana, ndipo ife tili nawo. Amaopseza ndani? Mtsikana akaona dzina la mkazi mnzake pamwamba sathawa ayi, amamanga zingwe za nsapato. Tatopa nako kumatiganizira kuti mitima yathu ndi yofooka.

Ambiri akuona kuti bungweli linkazemba mkangano woti ndani ayenera kulembedwa m'gulu la akazi. Ngati n'choncho, kambani poyera, mumve mbali zonse. Kufufuta zonse ndi mantha basi.

Mu 1967 mkulu wina wa Boston Marathon adamukoka Kathrine Switzer kuti achoke mumsewu. Ku Olympics akazi adaloledwa kuthamanga marathon mu 1984, dzulodzuloli. Mbiri yathu ndi yaifupi kale, wina n'kumaidulanso? Bwezani marekodiwo. Amene sakufuna kuwaona asatsegule tsambalo.