Michael Jeffery: Msilikali Amene Anamenyera Nkhondo Nthaka ya Australia

Anthu a ku Australia akamakumbukira Michael Jeffery amayamba ndi maudindo: mmodzi mwa akuluakulu a asilikali, bwanamkubwa wa chigawo cha Western Australia kuyambira 1993 mpaka 2000, kenako bwanamkubwa wa dziko lonse kuyambira 2003 mpaka 2008. Koma ntchito imene ayenera kulemekezedwa nayo kwambiri anaigwira atatula pansi maudindo onsewa, pamene ankayendera alimi n'kumakamba za nthaka.

Anabadwa mu 1937 ku Wiluna, katauni ka migodi ya golide m'mphepete mwa chipululu. Ali mnyamata analowa sukulu ya usilikali ya Duntroon ku Canberra ndipo anamaliza mu 1958. Anakagwira ntchito ku Malaya, ku Borneo ndi ku Papua New Guinea, ndipo ku nkhondo ya ku Vietnam analandira mendulo ya Military Cross chifukwa cha kulimba mtima. Pambuyo pake anatsogolera gulu la asilikali apadera la SAS.

Bwanamkubwa wa ku Australia salamulira. Amaimira mfumu ya ku Britain, amasainira malamulo ndi kulumbiritsa nduna, monga ankachitira Sir Glyn Jones m'Malawi pakati pa 1964 ndi 1966. N'chifukwa chake ena amati mpandowo ndi wongokongoletsa mwambo. Chimene amaiwala n'chakuti munthu wopanda chipani amene wakhala pampando wotere amatulukapo ndi chuma chosowa: aliyense amamutsegulira chitseko. Jeffery anadziwa kochigwiritsa ntchito.

Kwawo ku Western Australia vuto linali poyera. Alimi a tirigu anagwetsa mitengo yachilengedwe ya mizu yozama, madzi apansi anakwera n'kubweretsa mchere pamwamba, minda yambiri n'kusanduka yoyera mbuu, yosamera kanthu. Kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo, chilala cha zaka zambiri chimene chinafika mpaka 2009 chinachepetsa kwambiri madzi m'mitsinje ya Murray ndi Darling. Jeffery ankaziona izi ndi maso a msilikali: kumene chakudya ndi madzi zasowa, anthu amasamuka ndipo mikangano imabuka. Kwa iye nthaka inali nkhani ya chitetezo cha dziko.

Anakhazikitsa bungwe la Soils for Life, ndipo mu 2012 nduna yaikulu Julia Gillard anamusankha kukhala woyamba kulankhulira nthaka m'dziko lonse. Nzeru yake inali yosapita kukaphunzitsa alimi, koma kukafufuza amene akonza kale minda yawo n'kulemba mmene anachitira. Mmodzi mwa iwo ndi Colin Seis wa ku New South Wales, amene moto unawononga famu yake mu 1979, ndipo patapita zaka anayamba kudzala mbewu mwachindunji m'msipu wachilengedwe osagaula, nkhosa zikumadya momwemo mbewu zikakololedwa. Mlimi amakhulupirira msanga zimene waona kwa mlimi mnzake kusiyana ndi zolembedwa mu ofesi, ndipo Jeffery anamanga ntchito yake pamenepo. Ankalimbikitsanso kuti sukulu za pulayimale zikhale ndi madimba, ana adziwe kumene chakudya chimachokera.

Wina angafunse kuti msilikali akudziwanji za manyowa. Akatswiri a nthaka analipo kale ku Australia, ndi kafukufuku wawo wokwanira. Chimene ankasowa ndi munthu amene nduna yaikulu singamubweze pakhomo. Boma la chipani cha Labor ndi limene linamusankha, ndipo maboma a chipani cha Liberal amene anatsatira anapitiriza kugwira naye ntchito. Mu 2017 anapereka lipoti lopempha kuti nthaka, madzi ndi zomera ziziyang'aniridwa pamodzi ngati chuma cha dziko.

Anamwalira pa 18 December 2020, ntchitoyo atasiyira Penny Wensley, amenenso anali bwanamkubwa wa Queensland. Chaka chotsatira boma la Australia linatulutsa ndondomeko ya dziko lonse yosamalira nthaka, imene Jeffery anakhala akuipempha kwa zaka zambiri.