CHENJEZO: Gombe la Chintheche likutichoka tikuyang'ana

Wakutsina khutu ndi mnansi. Uthengawu ukupita kwa mafumu, makhansala, atsogoleri a mabanja ndi aliyense amene ali ndi kamalo m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Kande, kudutsa pa Bandawe mpaka pa Chintheche. Lekani kugulitsa gombe, lekani kumanga m'njira ya madzi, ndipo muleke lero lomwe. Chuma chenicheni chimene chatsala m'manja mwa anthu a dera limeneli ndi gombelo, koma kumtunda akulidya ndi mipanda, kumunsi akulidya ndi mafunde.

Amene akuyesa kuti tikukokomeza afunse mbiri ya malowa. M'zaka za m'ma 1870, Atonga amene anathawa ulamuliro wa Angoni a M'mbelwa anamanga malinga m'mbali mwa nyanja, ndipo pa Chintheche, motsogozedwa ndi Mankhambira, anabweza nkhondo ya Angoniwo. Linga lokhala ndi nyanja kumsana silifa ndi njala kapena ludzu. Makolo anapulumuka chifukwa gombe linali lawo.

Kuchokera pamenepo, alendo akhala akufika ndi mapulani akuluakulu, kenako n'kunyamuka. Mu 1881, Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudzaikhazika pa Bandawe, ndipo sitima ya Ilala yoyamba ija inkatula anthu ndi katundu pagombe limeneli. Sukulu zinachuluka, Atonga anaphunzira msanga. Koma malungo sanawasiye amishoniwo, ndipo mu 1894 likulu linakwera phiri kupita ku Khondowe. Pa Bandawe panatsala tchalitchi, sukulu ndi manda.

Atsamunda nawo anaika boma la West Nyasa pa Chintheche. Apa m'pamene anthu ankakhomera msonkho, apa m'pamene milandu inkazengedwa. M'dera lomweli, mu 1908 ndi 1909, Elliot Kamwana anabatiza anthu oposa 9,000 mu mpingo wa Watch Tower, boma lisanamuthamangitse m'dziko. Anyamata ophunzira ankakhamukira ku Bulawayo, ku Salisbury ndi ku Joni, ena osabwereranso, n'kusanduka matchona. Mmodzi mwa amene anapita anali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town. Patapita zaka, boma linasamukira ku Nkhata Bay, kumene kuli dooko lakuya ndiponso lobisika ku mphepo. Mpaka lero Ilala imakocheza kumeneko, pa Chintheche imangodutsa patali.

Lonjezo lalikulu koposa linabwera dziko litalandira ufulu. Boma linadzala paini pa mahekitala pafupifupi 53,000 ku Viphya, n'cholinga chakuti mitengoyo izitsikira kufakitale yopanga zipangizo za mapepala imene kampani ya Vipcor inkafuna kumanga pa Chintheche m'zaka za m'ma 1970. Anthu anayembekezera ntchito ndi tauni yatsopano. Fakitale sinamangidwe. Mishoni inapita, boma linapita, fakitale inathera papepala, koma anthu sanafe, chifukwa m'mawa uliwonse bwato linkalowa m'madzi ndipo madzulo kondowole ankapeza ndiwo.

Malo a m'mbali mwa madzi amafa, ngakhale otchuka chotani. Kilwa, kugombe la Tanzania, unali mzinda wolemera umene Ibn Battuta anauona mu 1331 n'kuutama. Apwitikizi anauthira nkhondo mu 1505, malonda anapatukira kwina, lero kuli mabwinja. Sofala, ku Mozambique, unali khomo la golide wochokera ku Zimbabwe kwa zaka mazanamazana. Mchenga unatseka dooko, nyanja inagumula gombe, ndipo Beira anatenga malo ake. Ngati mizinda ya miyala ngati imeneyo inazimirira, Chintheche angadalire chiyani atataya gombe lake?

Ngozi yoyamba ndi kugulitsa malo. Mchenga woyera wa Chintheche unatchuka, makamaka chisangalalo cha Lake of Stars chitayambira pa Chintheche Inn, ndipo anthu a ndalama ochokera ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi kunja akuufuna. Sitikudana ndi alendo, ndipo malo ogona amalemba anthu ntchito. Vuto ndi kagulitsidwe kake. Munthu mmodzi amasayina usiku malo a fuko lonse, abale osadziwa. Ndalama zimathera njinga yamoto ndi malata angapo, pomwe mpanda wa njerwa utsalira mpaka kalekale. Taonani mayi amene wasenza beseni la zochapa, mwana ali kumsana, akulambalala mpanda wautali kufunafuna kanjira kotsikira kumadzi kumene agogo ake ankangoyenda molunjika. Taonani msodzi amene wachezera usiku wonse ndi nyali pa chilimira, akufika m'mawa n'kuuzidwa ndi mlonda kuti pano bwato sakocheza ndipo thandala la usipa lichoke chifukwa likununkhira alendo.

Ngozi yachiwiri ndi nyanja yeniyeniyo. Madzi saiwala khwawa. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika pa zaka zambiri. Pakati pa 1915 ndi 1935 inaphwa mpaka inasiya kuthira bwino mu Shire. Mu 1980 inakwera kufika pa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Mu 2024 inapitiriranso mamita 476, ndipo nyumba, minda ndi malo ogona alendo zinamira ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay. Bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority lakhala likuchenjeza kuti pasamangidwe kanthu kumunsi kwa mzere wa mamita 477. Komabe madzi akangobwerera pang'ono, anthu ayambiranso kukumba maziko pomwe pomwepo. Ena akudula mabango ndi mitengo yogwira nthaka, ena akutapa mchenga pamalole, ndipo mwera ukawomba gombe limagumuka popanda choliteteza.

Ngozi yachitatu ili m'madzi momwemo. Neti yoperekedwa kuchipatala kuti iteteze ana ku udzudzu ikukokedwa m'madzi osaya, momwe tiana ta chambo timabisala. Imakokolola zonse, ndi mazira omwe. Nkhalango za m'mapiri zikathera makala ndi nkhuni zowotchera njerwa, mitsinje ngati Luweya imatsitsa matope amene amakwirira malo oswanirana nsomba, ndipo mpasa ndi sanjika zimasowa kokwera. Makomiti a m'magombe, mothandizana ndi dipatimenti ya za usodzi ndi mabungwe ngati Ripple Africa, ayesetsa kulanda maneti oterewa, koma sangapambane ngati wolakwa akutetezedwa chifukwa ndi mphwake wa mfumu.

Zoyenera kuchita n'zodziwika. Mafumu asadinde kalata iliyonse ya malo a pagombe pokhapokha banja lonse ndi mudzi atakhala pansi masana, poyera. Pamene pakufunika chitukuko, malo abwereketsedwe kwa zaka zowerengeka, pangano lilembedwe, osati kugulitsiratu. Khonsolo ya Nkhata Bay iyeze ndi kuika zizindikiro pa madooko onse a asodzi, pa njira zotsikira kunyanja ndi pa manda, ndipo mpanda uliwonse umene watseka njira yoteroyo ugwetsedwe, mwini wake akhale nduna kapena mzungu. Mzere wa mamita 477 uikidwe zipilala zooneka kuti wina asadzanene kuti sankadziwa. Otapa mchenga pagombe aimitsidwe. Nyengo yotseka nyanja ilemekezedwe ndi aliyense. Dipatimenti yoona za zinthu zakale, pamodzi ndi sinodi ya Livingstonia, isamale tchalitchi chakale cha Bandawe, manda a amishoni ndi malo a malinga, ana asukulu azikaphunzirako mbiri yawo.

Inu a ku Nkhata Bay amene muli ku Joni, ku Harare kapena ku Lilongwe, imbani foni kumudzi sabata ino. Funsani kuti malo a banja ali m'dzina la yani, ndani wayamba kubwera ndi galimoto kudzawayendera, ndipo pepala limene amalume asayina likuti chiyani. Ngati yankho silikumveka, pitani nalo ku ofesi ya za malo kuboma mpanda usanayambe kukwera.