DISO SILIPHUKA KAWIRI

Nkhani yafika mpaka kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje yakuti akatswiri a maiko akunja akuyesa kuchiza khungu ndi maselo a m'mafuta a m'mafupa. Nkhaniyi ndi yoona, koma ambiri aimva mopereŵera.

Kumbuyo kwa diso, m'kati mwenimweni, kuli kachikumba kopyapyala kamene madokotala amakatcha retina. Kuwala kukaloŵa m'diso kamagwera pamenepo, ndipo mitsempha imatenga uthenga kupita nawo ku ubongo. Khungu la pathupi likang'ambika limapola, fupa likathyoka limalumikizana, koma maselo oona a kachikumbaka akafa saphukanso.

Tsono m'mafuta a m'mafupa muli maselo anthete amene amabala maselo ena, monga a magazi. Akatswiri anadzifunsa kuti, kodi maselo ameneŵa ataikidwa m'diso sangaloŵe m'malo mwa amene anafa? Anayesa pa tiana ta mbeŵa ndi makoswe. Anapeza kuti diso limene likukula kumene limalandira maselo achilendo mosavuta kuposa diso lokhwima, ndiponso kuti maselowo angathe kutchinjiriza mbali zimene zisanafe. Koma kubwezera kuona kwa munthu wakhungu mwa njira imeneyi sikunatheke mpaka lero. Ntchitoyi ikadali pa kafukufuku.

Chifukwa chake ndikuti tisanyengedwe. Mu 2015 amayi atatu okalamba ku Florida, m'dziko la America, analipira madola 5,000 aliyense kuti awabaye m'maso maselo otengedwa m'mafuta a m'thupi mwawo. Onse atatu maso awo anaonongeka koposa kale, ndipo mmodzi analeka kuona kotheratu. Ngati zinatero kumeneko, nanga bwanji ufa ndi timabotolo timene ena amagulitsa m'misika namanena kuti muli maselo ochiza matenda onse? Wogula zoterozo ataya ndalama za thonje lake, natayanso nthaŵi imene diso likadapulumuka.

Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Khungu lochuluka la m'chigwa chathu chino lili ndi mankhwala ake kale. Mu 1983 Dr. Moses Chirambo ndi anzake anapima maso a anthu m'midzi ya Chikwawa ndi Nsanje. Mwa ana oposa 5,000 osafika zaka 6, pafupifupi 4 mwa 100 alionse anali ndi matenda a maso obwera chifukwa chosoŵa vitamini A. Pakati pa akuluakulu, chimene chinachititsa khungu ambiri chinali ng'ala. Matenda a trachoma, amene amafala ndi ntchentche ndi nkhope zosasamba, analinso ponseponse.

Taonani zimene zinachitika pambuyo pake. Anthu anakumba zimbudzi, anasambitsa ana kumaso, anamwa mankhwala amene ankagaŵidwa m'midzi, ndipo amene zikope zawo zinapindikira m'kati anachitidwa opaleshoni. Mu September 2022 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti Malaŵi wagonjetsa trachoma, dziko loyamba kutero kummwera kwa Afirika. Chinagwira ntchito pamenepa ndi madzi, sopo, chimbudzi ndi kumvera malangizo.

Ena adzati, "Ife tinamva kuti kuchipatala amakolowola diso." Zimenezo nzabodza. Pochotsa ng'ala diso limakhala pamalo pake. Dokotala amachotsa kagalasi kamene kachita mtambo naikapo kena, ndipo ambiri amaonanso tsiku lotsatira. Agogo amene akutsogoleredwa ndi mdzukulu atengereni ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje kuti akapimidwe. Ofunika thandizo lalikulu amatumizidwa ku chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth ku Blantyre.

Nanga retina wathu tingamsunge bwanji? M'mera mpoyamba. Kachikumbaka kamafuna vitamini A kuti kaone m'chisisira. Mwana akayamba kupunthwa dzuŵa likangoloŵa, musachedwe naye. Mpatseni mango, mapapaya, maungu, mbatata yofiira m'kati, nkhwani ndi masamba a chammwamba otendera. Pitani naye kusikelo kuti azilandira vitamini A miyezi 6 iliyonse mpaka atakwana zaka 5, ndi katemera wa chikuku, pakuti chikuku chimamaliza vitamini ameneyu m'thupi. Inu amene muli ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, dziŵani kuti matendaŵa amadya retina mwakachetechete, popanda ululu. Imwani mankhwala anu mosadumphitsa, ndipo kapimitseni maso chaka chilichonse ngakhale mukuona bwino. M'diso lofiira musathiremo madzi a zitsamba kapena mkodzo.

Akatswiri apitirize kafukufuku wawo, ndipo tiwafunire zabwino. Mwina adzukulu athu adzapindula nawo. Ife udindo wathu ndi kusunga maso amene tili nawo lero.